Mpikisano Woyesa Chabwino ndi Choipa

Aliyense amene anadutsako kusekondale amaukumbukira mtsutso wa Lachisanu masana. Mabenchi amakokeredwa m'mbali, wapampando amakhala pakati ndi wotchi ndi belu, ndipo pabolodi pamalembedwa mutu wonga wakuti mphunzitsi ndi wofunika kuposa dokotala. Aphunzitsi oyang'anira kalabu ndi amene amagawa mbali: awa avomereze, awo atsutse. Mtsikana amene akulakalaka kudzakhala dokotala angathe kugwera mbali ya aphunzitsi, ndipo masana amenewo ayenera kupeputsa ntchito imene amailota mpaka holo yonse iombe m'manja. Palibe womufunsa zimene iye mwini amakhulupirira. Akangovomereza kuti mnzake wa mbali inayo wanena zoona, ndiye kuti timu yake yagonja.

M'mayunivesite a ku America muli mpikisano wina umene ukangouona koyamba ungati ndi womwewu. Matimu awiri a ophunzira amakhala moyang'anana, pali oweruza, pali wosunga nthawi, ndipo kumapeto kuli chikho. Koma malamulo ake anasintha chinthu chimodzi chachikulu. Palibe amene amapatsidwa mbali. Timu iliyonse imanena zimene yaona kuti n'zolondola itaganiza mofatsa, ndipo matimu onse awiri angathe kugwirizana chimodzi popanda wina kutaya malikisi. Mpikisanowu umatchedwa Intercollegiate Ethics Bowl, ndipo mafunso ake onse ndi a mtundu umodzi: pa nkhani yakutiyakuti, munthu ayenera kuchita chiyani, nanga chifukwa chake n'chiyani?

Unabadwira pasukulu ya mainjiniya

Mawu akuti ethics ndi dzina la nthambi ya maphunziro a filosofi imene imafufuza chabwino ndi choipa pa zochita za anthu. Si ulaliki, komanso si malamulo a boma. Lamulo limauza munthu zimene angamangidwe nazo, pamene maphunzirowa amafunsa ngati chinthu chili choyenera ngakhale pamene palibe wapolisi amene angakugwire. Mawu enawo, akuti bowl, anthu a ku America amatchulira mipikisano ikuluikulu, monga Super Bowl wa mpira wawo ndi College Bowl, mpikisano wa mafunso wa ophunzira umene unayamba kuulutsidwa pa wailesi, kenako pa kanema, m'zaka za m'ma 1950.

Amene anauyambitsa ndi Robert Ladenson, pulofesa wa filosofi pa Illinois Institute of Technology mumzinda wa Chicago, m'chaka cha 1993. Sukuluyi ndi ya mainjiniya, ojambula mapulani a nyumba ndi asayansi, anthu ozolowera mafunso okhala ndi yankho limodzi. Mlatho umapirira kulemera kwakutikwakuti kapena supirira, basi.

Komabe mainjiniya a nthawi imeneyo anali ndi chilonda chachiwisi chowakumbutsa kuti masamu okha sakwanira. Pa 28 Januwale 1986 chombo cha m'mlengalenga chotchedwa Challenger chinaphulika patangopita masekondi 73 chinyamukireni, ndipo anthu onse 7 amene anali m'menemo anafa. Madzulo a dzulo lake, mainjiniya a kampani ya Morton Thiokol, mmodzi mwa iwo Roger Boisjoly, anali atachenjeza kuti mphira zotsekera m'malo olumikizira maroketi sizingagwire bwino ntchito kunja kukazizira chotero. Mabwana anamva chenjezolo, nalikankhira pambali. Kodi wantchito achite chiyani bwana akakana kumva za ngozi? Funso limeneli silipezeka m'buku la masamu. Pasukulu ya Ladenson panali kale likulu lofufuza za khalidwe loyenera pa ntchito zaukatswiri, limene linatsegulidwa mu 1976, ndipo mmodzi mwa aphunzitsi ake, Michael Davis, analemba mu 1991 nkhani yotchuka ya kaganizidwe ka injiniya imene imayamba ndi zimene zinachitika usiku umenewo. Ndi m'nthaka yotereyi mmene mpikisanowu unamera.

Poyamba ophunzira a sukulu imodziyo ankapikisana okhaokha. Kenako masukulu ena ochepa anayamba kuitanidwa, ndipo mu 1997 mpikisano wa dziko lonse unachitika koyamba pa msonkhano wapachaka wa bungwe la Association for Practical and Professional Ethics, limene limauyendetsa mpaka lero. Masukulu atachuluka, panafunika kusefa. Masiku ano matimu amayamba apikisana m'zigawo 10 kapena kuposerapo chakumapeto kwa chaka, ndipo matimu 36 ochita bwino ndi amene amakakumana pa mpikisano wa dziko lonse mu Febuluwale kapena Malichi. Mu 2021, mliri wa COVID-19 uli pachimake, anapikisana pa intaneti.

Nkhani imadziwika, funso limabisidwa

Kukonzekera kumayamba mu Seputembala, pamene komiti ya olemba imatulutsa mtolo wa nkhani pafupifupi 15. Iliyonse ndi yaifupi, tsamba limodzi kapena awiri, ndipo zambiri zimatengedwa pa zinthu zimene zinachitikadi. Zimakhudza chipatala, malonda, utolankhani, nkhondo, zachilengedwe, makompyuta, ukwati ndi ubwenzi, ngakhalenso kubera mayeso. Matimu opita ku mpikisano wa dziko lonse amalandira mtolo wina watsopano kumayambiriro kwa chaka.

Luso la wolemba nkhani zoterezi ndi kusankha pamene zabwino ziwiri zikuwombana. Nkhani ya wakuba amene wabera nkhalamba ilibe ntchito pano, poti aliyense akudziwa yankho lake. Imene ili ndi ntchito ndi ya dokotala amene akusunga chinsinsi cha wodwala pamene chinsinsicho chingavulaze mkazi wa wodwalayo, kapena ya mtolankhani amene wapeza zoona zake za nkhani imene ikafalitsidwa iwononga munthu wosalakwa. Kusunga chinsinsi n'kwabwino, kuteteza moyo n'kwabwinonso. Vuto ndi lakuti tsiku limenelo sizitheka kuchita zonse ziwiri.

Chimene matimu sauzidwa ndi funso lenileni. Amadziwa nkhani, koma sadziwa kuti mwa 15 zija ndi iti imene iwagwere, ndiponso sadziwa kuti woyendetsa mpikisano aifunsa kuchokera mbali iti. Timu imene inaloweza mawu okamba za udindo wa dokotala ingadzidzimuke itafunsidwa za udindo wa mkulu wa chipatala kapena wa mkazi uja. N'chifukwa chake kuloweza sikupindula kwenikweni. Mabuku ndi zolemba za kunyumba siziloledwa patebulo. Ophunzira amangopatsidwa mapepala osalemba kanthu kuti azilembapo mfundo mpikisano uli mkati.

M'miyezi yokonzekerayo ndi mmene mumachitikira mtsutso weniweni, ndipo owonerera sauona. Anthu asanu a zikhulupiriro zosiyana, wina wopemphera, wina wosapemphera, wina wophunzira zamalonda, wina unamwino, ayenera kufika pa mfundo imodzi imene onse angaiimire pagulu popanda kunama. Mphunzitsi wawo, amene kawirikawiri amakhala wa filosofi, amawapanikiza ndi mafunso, koma tsiku la mpikisano amakhala chete pamodzi ndi owonerera.

Ola limodzi ndi mphindi zingapo patebulo

Timu iliyonse imakhazika patebulo anthu osaposa 5. Woyendetsa mpikisano amaponya ndalama yachitsulo m'mwamba kuti adziwe oyamba, kenako amatchula nkhani ndi kuwerenga funso. Timu yoyamba imapatsidwa mphindi 2 zonong'onezana, ndiyeno mphindi zosaposa 10 zofotokoza yankho lake ndi zifukwa zake.

Ikamaliza, timu yachiwiri imapatsidwa mphindi 5 zoyankhulapo. Apa ndi pamene mlendo wozolowera mtsutso wamba amadabwa. Timu yachiwiriyi siikakamizidwa kutsutsa. Ingathe kunena kuti ikugwirizana ndi yankho la anzawo koma chifukwa chimene apereka n'chofooka, kapena kuti aiwala munthu wina amene nkhaniyo ikumukhudza, kapena kuti mfundo yawo ikagwiritsidwa ntchito pa nkhani ina yofanana ibala zinthu zimene iwo eni sangazivomereze. Timu yoyamba imayankha kwa mphindi 5, ndipo ili ndi ufulu wonena kuti, "Pamenepo mwatithandiza, tikonza mfundo yathu motere." M'mtsutso wamba mawu amenewa ndi kudzipha. Pano, ngati kukonzako kwachitika mwanzeru, oweruza amakuwerengera ngati mphamvu.

Kenako oweruza atatu amafunsa timu yoyamba mafunso kwa mphindi 10. Akatha amalemba malikisi, woyendetsa amatulutsa nkhani ina ndi funso lina, ndipo matimu amasinthana malo. Timu imene yaposa inzake pa mapepala a oweruza ambiri ndi imene yapambana.

Mkango wa ku Hwange

Kuti tione mmene timu imaganizira, tiyerekeze kuti nkhani imene yagwa patebulo ndi ya mkango wotchedwa Cecil. Zimene zinachitika n'zodziwika. Kumayambiriro kwa Julayi 2015, dokotala wa mano wa ku Minnesota, atalipira ndalama pafupifupi madola 50,000, analasa ndi muvi n'kupha mkango wamphongo wa zaka 13 pa famu ina yoyandikana ndi nkhalango yotetezedwa ya Hwange ku Zimbabwe. Mkangowo unali ndi kachipangizo m'khosi kamene akatswiri a yunivesite ya Oxford ankaulondolera nako. Anthu m'mayiko ambiri anakwiya kwambiri. Makampani a ndege a Delta, United ndi American analeka kunyamula mitu ndi zikopa za mikango, njovu, anyalugwe, zipembere ndi njati. Boma la Zimbabwe linanena mu Okutobala chaka chomwecho kuti silimuimba mlandu mlenjeyo chifukwa mapepala ake anali m'malo.

Funso lingakhale lakuti: kodi n'koyenera kuti boma lizilola alenje olemera kupha mikango pofuna kupeza ndalama zotetezera nyama zakuthengo?

Timu yosakhwima imathamangira kunena kuti kupha n'koipa, nikhala pansi. Timu yokhwima imayamba ndi kuwerenga onse okhudzidwa: mkango womwewo, ana ake amene mkango wina wamphongo ungawaphe ukalanda gulu, alonda a nkhalango amene malipiro awo amafuna ndalama, alendo odzajambula zithunzi, ndi anthu a m'midzi yoyandikana ndi nkhalango amene ng'ombe zawo zimagwidwa usiku. Ikatero imatenga zida zoganizira zimene akatswiri a filosofi anasula kalekale.

Chida choyamba ndi kuyeza zotsatira. Jeremy Bentham ndi John Stuart Mill a ku England anaphunzitsa kuti chochita cholondola ndi chimene chimabweretsa ubwino wochuluka ndi mavuto ochepa kwa onse okhudzidwa. Bentham ankawerengera ndi nyama zomwe, poti nazonso zimamva ululu. Woganiza motere afunsa kuti ndalama za alenje zimapita kuti. Ku Zimbabwe kuli ndondomeko ya CAMPFIRE, imene inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, yofuna kuti midzi izilandira gawo la ndalama za ulenje kuti anthu aziona nyama ngati chuma osati mdani. Ngati malo osakirako atasanduka minda chifukwa ulenje waletsedwa, mikango ingafe yambiri kuposa imene alenje amapha. Koma ngati ndalamazo zimathera m'matumba a anthu ochepa, mfundo yonseyi yagwa. Mayiko enieniwo sagwirizana: Kenya inaletsa ulenje wotere mu 1977, pamene Botswana inauletsa mu 2014 n'kuulolanso mu 2019.

Chida chachiwiri ndi udindo ndi ufulu. Immanuel Kant wa ku Germany ankati pali zinthu zimene sitiyenera kuchita ngakhale zitabala phindu lotani, ndipo chachikulu ndi kugwiritsa ntchito munthu ngati chipangizo chabe. Kant mwini ankanena za anthu, koma ena pambuyo pake, monga Tom Regan wa ku America, anati nyama zina zilinso ndi ufulu wotero. Ngati zili choncho, kugulitsa moyo wa mkango umodzi kuti ipulumuke khumi n'kulakwa ndithu, ngakhale masamu atakomera wogulitsayo.

Chida chachitatu n'chakale kuposa zonsezi. Aristotle wa ku Greece sankayamba ndi funso lakuti tichite chiyani, koma lakuti tikhale anthu otani. Munthu wolipira chuma chotere kuti aphe nyama imene sadya, n'kukapachika mutu wake pakhoma, akuonetsa khalidwe lotani? Nanga boma lokhazika chuma chake pa chilakolako chotere likulimbikitsa chiyani?

Pali chida chachinayi chimene owerenga a kuno sachifunira womasulira: umunthu, kaganizidwe kakuti munthu amakhala munthu chifukwa cha anzake, ndipo cholondola ndi chimene chimalimbitsa ubale pakati pa anthu. Akatswiri a filosofi akumwera kwa Africa alemba zambiri za kaganizidwe kameneka pansi pa dzina lakuti ubuntu. Pa nkhani ya Cecil kamafunsa funso limene ambiri okwiya aja sanafunse: ndani anakambirana ndi anthu okhala ndi mikangoyo? Mu Ogasiti 2015 wophunzira wina wa ku Zimbabwe amene ankachita maphunziro a ukachenjede ku America, Goodwell Nzou, analemba mu nyuzipepala ya New York Times kuti kumudzi kwawo mkango sichinali chinthu chokondedwa koma choopedwa, ndipo ukaphedwa anthu ankasangalala. Timu imene yatchula maganizo otere, ngakhale yankho lake litakhala loletsa ulenje, yaonetsa kuti yayang'ana nkhaniyo mbali zonse.

Malamulo salamula kuti timu itchule mayina a akatswiriwa. Ndipotu timu yongotchula Kant ndi Mill motsatizana, ngati ikuitana mayina m'kalasi, imatopetsa oweruza. Zidazi n'zothandiza kuona zimene diso likanaphonya, ndipo woweruza amafuna kumva zimene timu yaona, osati mndandanda wa mabuku amene yawerenga.

Nthawi ya mafunso a oweruza ndi imene imaulula ngati timu yamvetsadi mfundo yake. Njira imene amaikonda ndi kusintha chinthu chimodzi m'nkhaniyo. "Mwati kupha mkangowu kunali kulakwa. Nanga zikanakhala kuti woupha ndi mlimi wa m'mudzi woyandikana ndi nkhalangoyo amene unamudyera ng'ombe zitatu, mukanatero?" Timu ikati ayi, iyenera kufotokoza kusiyana kwake: kodi ndi cholinga cha wopha, ndi ndalama, kapena ndi kumene iye akuchokera? Ikati inde, iyenera kuyang'ana mlimiyo m'maso, ngakhale ndi wongoyerekeza, n'kumuuza chifukwa chake.

Kodi chilungamo chingapatsidwe malikisi?

Apa pali chodandaulitsa chimene munthu aliyense woganiza angakhale nacho. Ngati anthu anzeru akhala akusiyana maganizo pa mafunso amenewa kwa zaka zikwi ziwiri, oweruza atatu ndi ndani kuti anene wolondola?

Yankho la okonza mpikisanowu ndi lakuti oweruza saweruza yankho. Amaweruza njira imene timu yadutsa pofika pa yankholo. Pepala la malikisi limafunsa zinthu zitatu pa kufotokoza koyamba kuja. Kodi timu yafotokoza momveka ndi mwadongosolo, kaya woweruza akugwirizana nayo kapena ayi? Kodi yapeza mtima wa nkhaniyo, kapena yataya nthawi pa zinthu zosakhudza chabwino ndi choipa? Kodi yaonetsa kuti ikudziwa maganizo a anthu otsutsana nayo, makamaka amphamvu kwambiri, ndipo yawayankha mwachilungamo? Chilichonse mwa zitatuzi chili ndi malikisi 10. Ena 30 amagawidwa pa kuyankha timu inzake, kuyankha oweruza, ndi kuyankhulapo pa nkhani ya anzawo, zonse pamodzi 60.

Funso lachitatulo ndi limene limasiyanitsa mpikisanowu ndi ina yonse. Limakakamiza timu kunyamula yokha mfundo yoopsa kwambiri ya mdani wake n'kuiika patebulo mdaniyo asanatsegule pakamwa. Kupeputsa maganizo a wina kuti agwe mosavuta, kumene m'misonkhano ya ndale kumaombetsa m'manja, kuno kumadyetsa malikisi.

Oweruzawo si aphunzitsi a filosofi okhaokha. Pamakhala maloya, madokotala, mainjiniya, anthu amalonda ndi ena ogwira ntchito zosiyanasiyana. Zimenezi zimakakamiza ophunzira kuyankhula chinenero cha anthu, poti namwino amene wagwira ntchito m'chipatala zaka makumi awiri sagonja ndi mawu ataliatali.

Mkangano wakale wa olankhula

Kukayikira mtsutso wogawirana mbali sikunayambe dzulo. M'chaka cha 155 Yesu asanabadwe, mzinda wa Athens unatumiza nthumwi ku Rome, ndipo mmodzi mwa iwo anali katswiri wa filosofi wotchedwa Carneades. Mbiri imati tsiku lina anakamba mokometsera chilungamo mpaka anthu anagoma, ndipo m'mawa mwake anakambanso mwaluso lomwelo kugwetsa zonse zimene ananena dzulo. Achinyamata a ku Rome anatengeka naye. Nkhalamba ina yolemekezeka, Cato, inapempha nyumba ya malamulo kuti ithane msanga ndi nkhani ya nthumwizo kuti zibwerere kwawo zisanawononge ana.

Mtsutso wa m'mayunivesite a masiku ano ndi mdzukulu wa Carneades. Pa mpikisano waukulu wa dziko lonse lapansi, World Universities Debating Championship, umene unachitikirapo ku Gaborone mu 2011 ndi ku Cape Town mu 2019, matimu amauzidwa mutu ndi mbali yawo kutatsala mphindi 15, ndipo wolankhula aliyense amapatsidwa mphindi 7. Mu 2019 Jonathan Ellis, mphunzitsi wa filosofi pa University of California, Santa Cruz, ndi Francesca Hovagimian analemba mu New York Times kuti mipikisano yotere imazoloweza achinyamata kuyamba ndi yankho kenako n'kumafunafuna zifukwa zoliikira kumbuyo, chizolowezi chimene chadwalitsa ndale za dziko lawo. Iwo anati Ethics Bowl ndi njira yabwinopo.

Okonda mtsutso ali ndi yankho, ndipo si lopepuka. Amati munthu amene wakakamizidwa kuimira mbali imene amadana nayo amaphunzira kuiona kuchokera mkati, zimene sakanachita mwa kufuna kwake. Mill yemwe uja, m'buku lake la 1859 lonena za ufulu, anatsindika kuti wodziwa mbali yake yokha sadziwa bwino ngakhale mbali yakeyo. Loya woimira woimbidwa mlandu sachita bodza. Akugwira ntchito imene khoti silingapeze choonadi popanda iyo. Kunena mwachilungamo, mipikisano iwiriyi ikuphunzitsa zinthu zosiyana. Wina ukukonza woimira mlandu, wina ukukonza munthu wokhala mu komiti imene iyenera kutuluka m'chipinda ndi chigamulo chimodzi.

Ethics Bowl nawo uli ndi zofooka zake. Chikho ndi chikho, ndipo pamene pali chikho pamabwera machenjera. Timu ingathe kusankha mfundo yapakatikati, osati chifukwa ikuikhulupirira koma chifukwa ndi yosavuta kuteteza ndipo siikhumudwitsa woweruza aliyense. Ulemu nawo ungasanduke mwambo chabe, kuthokoza anzako ndi pakamwa uku ukunola mpeni. Wolankhula mosadodoma amaoneka wanzeru kuposa woganiza mozama koma wachibwibwi, ndipo mphindi 10 sizikwanira nkhani imene makhoti alimbana nayo zaka zambiri. Woweruza ndi munthu. Ngakhale pepala limuuze kuti asayang'ane yankho, mfundo yogwirizana ndi mtima wake imaoneka yomveka bwino. Ndipo nkhani zambiri zimalembedwa ndi anthu a ku America poganizira moyo wa ku America, kotero kuti mlimi wa ku Hwange uja amalowa m'chipindamo pokhapokha wophunzira wina akamukumbukira.

Opambana ndi ofalitsa

Mndandanda wa opambana uli ndi chodabwitsa chake. Masukulu ang'onoang'ono amachita bwino kwambiri. Whitworth University, sukulu yaing'ono ya mpingo wa Presbyterian mumzinda wa Spokane, inatenga chikho mu 2012, 2016 ndi 2019. DePauw University inapambana mu 2013, Taylor University mu 2015, zonse ziwiri za ku Indiana, ndipo Santa Clara University ya ku California inapambana mu 2018. Masukulu a asilikali, monga West Point ndi sukulu ya asilikali apamadzi ya ku Annapolis, amatumizanso matimu ndipo anapambanapo. Mpikisanowu sufuna labotale kapena bwalo lamasewera. Umafuna mphunzitsi mmodzi wodzipereka, ophunzira ochepa okonda kuwerenga, ndi chipinda chokumanirana madzulo.

Kutchipa kumeneku kwathandiza kuti ufalikire. Mu 2006 bungwe la akatswiri a filosofi la American Philosophical Association linaupatsa mphoto ya ntchito zatsopano zophunzitsira filosofi. Pali mpikisano wapadera wa nkhani za chipatala ndi sayansi ya zamoyo, ndi wina wa makoleji a zaka ziwiri. Likulu la Parr Center for Ethics pa University of North Carolina ku Chapel Hill limayendetsa wa masukulu a sekondale, umene ndime yake yoyamba ya dziko lonse inachitika mu 2013. Ku Canada kuli wawo, ku Australia kuli Ethics Olympiad, ndipo ku Scotland yunivesite ya St Andrews inayambitsa wa masukulu a ku Britain.

Unafikanso kumalo kumene ambiri sakanaganizira. Mu Febuluwale 2018 timu ya ophunzira a University of California, Santa Cruz inalowa m'ndende ya San Quentin, yakale kwambiri m'chigawo cha California, kukapikisana ndi akaidi amene ankachita maphunziro a koleji m'ndendemo kudzera mu Prison University Project. Malamulo anali omwewo: nkhani zodziwika kale, funso lobisika, oweruza atatu. Akaidiwo anakonzekera popanda intaneti, koma pa mafunso a kulakwa, chilango ndi udindo wa munthu kwa mnzake anali ndi zaka zambiri zoganizira kuposa alendo awo. Oweruza anapereka chipambano kwa timu ya San Quentin. Sukulu ya m'ndendeyo pambuyo pake inasintha dzina kukhala Mount Tamalpais College, ndipo mu 2022 inavomerezedwa kukhala koleji yodziimira payokha yopereka madigiri ake.